Mwana wong'ung'udza ndi wobwereza mawu: dziwani ntchito ya phokosolo musanaliletse

Pali ana amene pakamwa pawo sipapuma. Wina amang'ung'udza "mmmm" chidzukireni mpaka kukagona. Wina amalira ngati njinga yamoto ya kabaza, maola awiri osatopa. Wina amakuwa kamodzi mwamphamvu, n'kuseka, n'kukuwanso. Winanso amabwereza chilengezo chimene anachimva pa Breeze FM mlungu watha, osasiyako liwu ngakhale limodzi, mawu ake ngati muulutsi yemweyo, pamene mukamufunsa dzina lake sayankha. Madokotala ndi aphunzitsi a maphunziro apadera amatcha khalidweli vocal stimming. Limapezeka kwambiri mwa ana amene ali ndi autism, kakulidwe ka ubongo kamene kamakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu, komanso mwa ena amene ali ndi ADHD, lija vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi.

Makolo amabwera ndi funso lakuti, "Timuletse bwanji?" Koma pali funso loyenera kuyamba: phokosoli likumugwirira ntchito yanji? Njira yothandizira mwana wong'ung'udza chifukwa makutu akumusowetsa mtendere siyofanana ndi ya mwana wong'ung'udza chifukwa wasowa chochita. Mukasokoneza ziwirizi mudzavutika miyezi popanda kusintha kulikonse, mwina zinthu n'kuipiraipira.

Zimenezi si zachilendo. Mu 1943 dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, ku America, analemba za ana 11 amene anawaona, ndipo kubwereza mawu a anthu ena kunali chimodzi mwa zizindikiro zimene anatchula. Buku la DSM-5 la 2013, limene madokotala a maganizo amatsatira popima, limaika kubwerezabwereza mawu ndi mayendedwe a thupi pakati pa zizindikiro za autism, pamodzi ndi kumva phokoso, kuwala kapena kukhudzidwa mopitirira muyezo kapena mochepa kwambiri. Kuyambira chaka chimenecho buku lomwelo limalola kuti mwana mmodzi apezeke ndi autism ndi ADHD pamodzi, ndipo ana otere ndi ambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekezerapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 ali ndi autism. Ubongo wa mwanayo unakula mwa njira yakeyake, ndipo kwakukulu zimayendera m'magazi a kumtundu. Sanalodzedwe, palibe amene anamukhwimira, amake sanalakwitse kalikonse ali ndi pakati, ndipo katemera wa ku sikelo sayambitsa autism. Tikunena izi poyera chifukwa ana ambiri amatemedwa mphini ndi kumwetsedwa zowawa pa chinthu chimene mphini sizingachotse.

Ntchito zimene phokosolo limagwira

Yoyamba ndi kutchinga phokoso la kunja. Mwana amene makutu ake amamva mopitirira amavutika ndi zinthu zimene ife sitiziwerengera: chigayo, mvula pa malata, jenereta ya oyandikana nawo magetsi akathima, zokuzira mawu za m'tchalitchi, kusokosera kwa msika wa Kapata masana. Maphokoso amenewa amabwera mosachenjeza ndipo iye sangawalamulire. Koma mawu a iye mwini amawadziwa, amayamba ndi kuleka iye akafuna, ndipo amamveka kwambiri m'mutu mwake chifukwa amadutsa m'mafupa a chibade. Tsekani makutu ndi zala mung'ung'udze, mudzamva mmene zakunja zimazimiririra. Mwanayo anatulukira zimenezi yekha.

Yachiwiri ndi yosemphana ndi imeneyo: kudzidzutsa. Mwana wa ADHD akakhala pa benchi akukopera zapabolodi, ubongo wake umayamba kulefuka, ndiye amaimba likhweru, kuliza lilime, kuyankhula yekha. Nthawi zambiri phokosolo ndi limene likumusunga pa ntchitoyo. Mphunzitsi akaliletsa, mwana amakhaladi chete, koma amaleka kulemba n'kuyamba kuyang'ana pawindo.

Yachitatu ndi kutulutsa zimene zadzadza mumtima, kaya mantha, mkwiyo kapena chimwemwe. Anthu amaiwala chimwemwecho. Mwana wokuwa atate ake akamatsika pa njinga madzulo alibe vuto loti n'kulikonza. Mu 2019 Steven Kapp ndi anzake ku Britain anafunsa akuluakulu 32 amene ali ndi autism za khalidweli, ndipo ambiri anati limawathandiza kudekha zinthu zikawachulukira, ndiponso kuti kukakamizidwa kulibisa kumawatopetsa ndi kuwapweteka.

Yachinayi ndi kukoma kwake chabe, kunjenjemera kwa pakhosi ndi pachifuwa. Mwana wotere amachita ngakhale ali yekha m'chipinda mopanda womumva.

Yachisanu ndi kulankhula, ndipo apa ndi pamene makolo amataya zambiri. Mu 1981 Barry Prizant ndi Judith Duchan anasonyeza kuti kubwereza mawu kwa ana a autism kawirikawiri kumakhala ndi cholinga: kuvomera, kupempha, kutenga mbali pocheza, kapena kudzipatsa nthawi yomvetsa zimene zanenedwa. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 6 amene amaima pakhomo n'kumakuwa kuti, "Katete! Katete! Mmodzi watsala!" A m'nyumba amaseka kapena kumukalipira. Koma mawuwa anawamva pa siteshoni tsiku limene anakwera minibasi, ndipo m'mutu mwake anamatirira ku ulendo. Akunena kuti akufuna kutuluka. Mwana aliyense amabwereza mawu pophunzira kulankhula, mpaka cha pa zaka 3. Ana ambiri a autism amapitirira pamenepo chifukwa amagwira chiganizo chonse ngati chinthu chimodzi, n'kudzachiphwanya m'mawu pambuyo pake.

Yambani ndi thupi

Phokoso limene layamba mwadzidzidzi, kapena lakula kwambiri m'masiku ochepa, liganizireni ngati ululu kufikira mutatsimikiza kuti si ululu. Mwana wosalankhula sanganene kuti dzino likumuwawa. Yang'anani m'kamwa ngati muli dzino lobowoka, m'makutu ngati mukutuluka mafinya, ndipo kumbukirani kuti wachita chimbudzi liti, pakuti kudzimbidwa n'kofala mwa ana a autism, makamaka amene amadya zakudya ziwiri kapena zitatu zokha. Thupi likatentha, kapimitseni malungo tsiku lomwelo. Werengeraninso tulo: mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika maola 10 mpaka 13 pa tsiku, wa zaka 6 mpaka 12 maola 9 mpaka 12. Wogona mochepa amasokosa kwambiri mawa lake.

Makutu apimidwe ndithu. Mwana wosamva bwino amakweza mawu ndipo sayankha akaitanidwa, zimene anthu amazisokoneza ndi autism.

Pali zina ziwiri zofanana ndi khalidweli koma zosiyana nalo. China ndi ma tic: timaphokoso tatifupi tadzidzidzi, monga kukhosomola popanda chifuwa, kufwenthera kapena kudzuma, kawirikawiri pamodzi ndi kuphethiraphethira kapena kugwedeza mapewa. Amayamba cha pa zaka 4 mpaka 6, amakula cha pa zaka 10 mpaka 12, ndipo mwa ana ambiri amachepa akamakula. Mwana wamkulupo amafotokoza kuti amamva chinachake chikumukakamiza, ndipo sakondwera nacho, pamene wong'ung'udza uja amaoneka kuti akupeza mpumulo. Ma tic a mawu ndi a thupi akapitirira chaka, dokotala amaganizira za vuto lotchedwa Tourette. Kumukumbutsa mwana za ma tic ake kumangowachulukitsa. Chinacho ndi khunyu ya mtundu wosagwetsa pansi: mwana amangoti maso tong'o, akutafuna kapena kubuula, mukamuitana kapena kumugwira sakumva, kenako amakhala wosokonezeka kapena watulo. Wong'ung'udza mukamugwira paphewa amatembenuka kapena kukukankhani. Amene sakutembenukayo apite kuchipatala, makamaka ngati anadwalapo malungo a mu ubongo.

Kabuku ka masabata awiri

Gulani kabuku ka sukulu, mulembe mizere kuti tsamba likhale ndi zigawo zisanu: nthawi ndi malo, chimene chinachitika phokoso lisanayambe, mtundu wa phokoso, kutalika kwake, ndi chimene anthu anachita. Simungalembe tsiku lonse. Sankhani nthawi zitatu, mphindi 15 iliyonse: ina imene amasokosa kwambiri, ina yapakati, ina imene amakhala phee. Lembani masiku 10 mpaka 14, osasintha kalikonse m'nyumba. Mzere umodzi ungaoneke chonchi: 16:30, pakhonde, ana a sukulu afika akusewera mpira, ang'ung'udza mokweza atatseka makutu, mphindi 12, ambuya amulowetsa m'nyumba, waleka.

Pakutha pa masabata awiri kabukuko kamayankha kokha. Ngati phokoso likukwera pamalo osokosa n'kutsika pamalo a zii, akutchinga makutu. Ngati likubwera podikira, pamzere wa ku kiliniki kapena nsima isanapse, wasowa chochita. Ngati likuyamba mukamupatsa ntchito n'kuleka mukamuchotsera, waphunzira kuti phokoso limamupulumutsa ku ntchito yomukulira. Ngati amakuwa akukuyang'anani, n'kuleka mukatembenuka, akufuna inuyo. Ngati silisintha kaya pali anthu kaya palibe, likumukomera lokha. Mwana mmodzi angakhale ndi maphokoso awiri a ntchito ziwiri, choncho lembani lililonse palokha.

Kenako mudzifunse moona mtima kuti likuvuta ndani. Lifunika kulowererapo ngati likumusasitsa mawu, likumulepheretsa kumva zimene akuphunzitsidwa, likulanda tulo a m'nyumba, kapena likumutsekera malo amene iye akufuna kukhalapo. Ngati vuto ndi manyazi a akulu pamaso pa alendo, wofunika kuphunzitsidwa ndi mlendoyo.

Zoyenera kuchita

Chotsani kaye choyambitsa. Kwa wovutika ndi makutu, zotchinga m'makutu zonga zimene amavala ogwira ntchito pa makina zimagulitsidwa m'mashopu a zomangira. Azivale pa nthawi yovuta yokha, monga kuchigayo kapena mvula ikamamenya malata. Kuzivala tsiku lonse kumachititsa makutu kuzolowera bata, ndipo phokoso limadzamupweteka kuposa kale. Muchenjezeni zisanachitike: "Tikulowa mumsika, mphindi khumi, kenako kunyumba," ndipo mawuwo muwasunge. Kwa wosowa chochita, dulani nthawi yokhala pansi: mphindi 5 mpaka 10 za ntchito, kenako mphindi ziwiri zodzuka.

Chachiwiri, mupatseni china chogwira ntchito yomweyo. Madzi a mu ngalande ya kudimba ukawatseka osawakumbira njira ina, amaboola pena. Mwana woletsedwa kung'ung'udza popanda cholowa m'malo amayamba kudziluma dzanja, kumenyetsa mutu kukhoma, kapena amasunga zonse kusukulu n'kudzaphulikira kunyumba. Cholowa m'malo chifanane ndi chimene akufuna. Wofuna kumva mawu: nyimbo yapansipansi pa wailesi kapena pa foni, kapena kuimba naye nyimbo ya ku Sande sukulu. Wofuna kugwiritsa ntchito pakamwa: kutafuna nzimbe, kuyamwa maheu okhuthala ndi kapaipi, kuuzira thovu la sopo. Mtedza ndi chimanga chokazinga musapatse mwana wosakwana zaka 5, angatsamwe. Wofuna kugwiritsa ntchito thupi: kunyamula chigubu cha malita awiri mpaka asanu malinga ndi msinkhu, kusinja mumtondo, kukankha wilibala, mphindi 10 asanapite kokakhala chete. Yesani chimodzi kwa masiku asanu, muone m'kabuku ngati mphindi zatsika. Ngati sizinatsike, chisiyeni muyese china. Mukayesa zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chagwira.

Chachitatu, phunzitsani kukweza ndi kutsitsa mawu. Kutsitsa n'kosavuta kuposa kuleka. Ikani milingo itatu: chala chimodzi, mawu onong'ona, zala ziwiri, mawu a m'nyumba, zala zitatu, mawu a pabwalo. Yesezani ngati sewero mwana ali wodekha, mphindi zitatu kapena zisanu, kawiri pa tsiku, inu mukuchita naye phokoso lake lomwelo. Pakapita masabata, kukweza chala chimodzi m'tchalitchi kumakwanira.

Chachinayi, phunzitsani nthawi ndi malo. Dulani makatoni awiri, lina mulipake lobiriwira, lina lofiira. Masiku atatu oyamba muonetseni lobiriwira lokha pa nthawi imene akusokosa momasuka, muziti, "Ino ndi nthawi ya mawu ako." Ndiye lowetsani lofiira, kwa nthawi yochepa kuposa imene amatha kale kukhala chete. Ngati kabuku kakuonetsa kuti amafika masekondi 40, yambirani pa 30, ali ndi chochita m'manja. Akakwanitsa, muyamikireni motchula chinthucho, "Wajambula mwakachetechete, wachita bwino," n'kutembenuza lobiriwira pompo. Akapambana katatu motsatizana, onjezerani masekondi 10 kapena 15. Akalephera kawiri, bwererani mmbuyo. Lobiriwira likhale lochuluka kwambiri pa tsiku kuposa lofiira. Apa ndi pamene ambiri amagwa: akaona kuti lofiira likugwira, amalisiya pakhoma tsiku lonse, mwana n'kuzindikira kuti lobiriwira silibweranso, ndipo khadilo limasanduka katoni chabe.

Kwa wobwereza mawu, musamuuze kuti "usanditsanzire." Mupatseni mawu oti akawabwereza akhale olondola. Mukafunsa kuti "Ukufuna madzi?" iye adzayankha "Ukufuna madzi?" M'malo mwake gwirani kapu munene monga iye akananenera: "Ndikufuna madzi," akabwereza mupatseni msanga. Kwa mnyamata wa "Katete" uja, tsegulani chitseko mukunena kuti "Ndikufuna kupita panja." Pomusankhitsa, muonetseni zinthu zenizenizo, nthochi dzanja ili, mbatata dzanja ilo, ndipo muzisinthasintha chimene mwatchula pomaliza, chifukwa amangotola liwu lotsiriza. Mukafunsa, dikirani masekondi 10 musanabwereze. Wosalankhula n'komwe aphunzire kupempha ndi zithunzi. Njira ya PECS, imene Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa mu 1985, imayamba ndi mwana kupereka chithunzi chimodzi m'dzanja la munthu n'kulandira chinthucho. Zithunzi zojambula pamanja za kapu, mbale, chimbudzi ndi khomo zimakwanira poyambira. Kukuwa kopempha kumachepa mwana akapeza njira yachangu kuposa kukuwa.

Pali njira ina imene mungaimve kwa akatswiri, yotchedwa RIRD, imene William Ahearn ndi anzake analemba mu 2007 atayesa pa ana anayi. Phokoso likayamba, mphunzitsi amadula ndi mafunso osavuta amene mwana amawadziwa, mpaka ayankhe atatu motsatizana. Imachepetsadi phokoso pa nthawi yophunzira. Koma imatopetsa onse awiri, siichotsa chimene chikumuvuta, ndipo kwa mwana amene akudzitonthoza ku mantha imafanana ndi chilango. Ife tikuona kuti iyenera kukhala ya mphindi zochepa za phunziro, m'manja mwa wophunzitsidwa, njira zinazo zitayesedwa kale.

Zimene zimawononga

"Khala chete!" wokuwa amawonjezera phokoso pa mwana amene phokoso lamukulira kale, ndipo kwa wofuna kuti mumuyang'ane, kukalipako ndi malipiro. Kumenya, kutsina milomo, kutseka pakamwa ndi dzanja kapena kumutsekera m'chipinda kumaphunzitsa mantha okha. N'kuphwanyanso lamulo la dziko la Zambia: Education Act ya 2011 imaletsa chilango chomenya m'sukulu, ndipo Children's Code Act ya 2022 imaletsa kupereka chilango chotere kwa mwana.

Kumupatsa foni kapena switi kuti aleke kukuwa kumamuphunzitsa kuti kukuwa kumagula foni. Ngati foni ikuthandiza podikira, mupatseni asanayambe. Ndipo mukaleka kulipira kukuwa kumene munkalipira, yembekezerani kuti masiku oyamba kudzakula kusanatsike, chifukwa akuyesa ngati njira yakale yafadi. Mukagonja pa tsiku lachitatu, mwamuphunzitsa kukuwa kwambiri. Izi zikukhudza kukuwa kogula zinthu kokha. Mwana wolira ndi ululu kapena mantha sanyalanyazidwa.

Chinanso ndi kusagwirizana kwa akulu. Amake akutsata makhadi, atate ake akukalipa, ambuya akupereka chitumbuwa. Khalani pansi nonse, ndi achemwali ndi achimwene ake omwe, mugwirizane mawu amodzi ndi chizindikiro chimodzi. Ambuya afotokozereni mwaulemu ndi kuwaonetsa kabukuko. Kawirikawiri ndiwo amakhala ndi mwana nthawi yaitali, ndipo amadziwa kale zimene zimamudekhetsa.

Kusukulu ndi pagulu

Chiyambire maphunziro aulere mu January 2022, makalasi ambiri ndi odzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangatsate ndondomeko yaitali. Pemphani zinthu zitatu zotheka: mwana akhale kutsogolo chakumbali, pafupi ndi khomo, kutali ndi gulu losokosa, pakhale chizindikiro chachinsinsi, monga kugogoda desiki kamodzi, m'malo momutchula dzina pamaso pa anzake, ndipo azitumidwa pakapita mphindi 20 kapena 30, kukafufuta bolodi kapena kukapereka mabuku ku ofesi, kuti akatulutse mawu ake panja. Anzake auzidwe mwachidule kuti phokosolo limamuthandiza kumvetsera, chifukwa ana ofotokozeredwa saseka kwambiri ngati ongoganizira. Persons with Disabilities Act ya 2012 imateteza ufulu wa mwana wolumala wophunzira. Sukulu ikamubweza chifukwa cha phokoso, nkhaniyo ipite kwa ahedi, ikakanika ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lanu.

Kutchalitchi khalani kumapeto kwa benchi pafupi ndi khomo. Nthawi ya nyimbo ndi yake. Ulaliki ukamayamba, tulukani naye asanafike pothera mphamvu, mubwerere pambuyo pa mphindi zisanu. Kumaliro, ku Nc'wala ku Mtenguleni kapena ku Kulamba ku Mkaika, kumene ng'oma ndi khamu zimakhala tsiku lonse, pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi mwanayo, ndi mtengo wapatali woti n'kukapumirapo. Wina akadandaula, mawu ochepa amakwana: "Pepani amayi, mwanayu ali ndi autism. Sakuchita mwano, akudzikhazika mtima pansi."

Za kuchipatala

Palibe mankhwala opangidwira kuletsa khalidweli. Methylphenidate amathandiza ana ena a ADHD kukhazikika, ndipo risperidone amaperekedwa nthawi zina kwa mwana wa autism wodzivulaza kapena waukali kwambiri, koma risperidone ameneyu amanenepetsa ndi kugonetsa, ndipo onsewa ndi a dokotala yekha. Piriton womwetsa mwana kuti agone paulendo kapena pamaliro si chithandizo. Ana ena amawapangitsa kubalalika kuposa kale.

Pitani kukapimitsa ngati mwana sanayambe kubwebweta pofika miyezi 12, alibe liwu lililonse pa miyezi 16, salumikiza mawu awiri pa zaka 2, wataya mawu amene anali nawo, akudzivulaza, kapena mawu asasa kupitirira masabata awiri kapena atatu. Yambirani ku kiliniki yanu, mupemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete. Ngati pafunika kupima kozama angakutumizeni ku Lusaka, ku chipatala chachikulu cha UTH, ndipo chipatala cha Beit CURE chimapima makutu a ana. Aphunzitsi amene anaphunzira ku ZAMISE, koleji ya maphunziro apadera, amapezeka m'sukulu zina za boma, ndipo ofesi ya DEBS ingakuuzeni kumene ali. Popita nyamulani khadi la ku sikelo, kabuku kaja, ndi mavidiyo awiri kapena atatu a mphindi imodzi ojambula pa foni, oonetsa nkhope ndi manja a mwana phokoso likuchitika, chifukwa ana ambiri akalowa m'chipinda cha dokotala amangoti duu.